Chauncy Maples, bishopu wa masiku 65

Abwenzi, amene munafikako ku Monkey Bay mwina munaiona sitima yakale imene inakhala zaka zambiri padoko paja, ya dzina loti Chauncy Maples. Ambirife dzinali timalidziwa ngati la sitima basi. Koma eni dzinalo sanaikwerepo sitimayo ngakhale tsiku limodzi. Iwo anamira m'nyanja usiku wa pa 2 Seputembala 1895, kutatsala zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi kuti sitimayo ikhudze madzi, ali m'boti laling'ono la matanga, atangodutsa kumene m'chigwa chathu chino cha Shire. Tiwerenge mosinthana, aliyense ndime yake monga mwa nthawi zonse, ndipo tikafika pa usiku womalizawo tisathamange.

Kuchokera ku London mpaka ku Masasi

A Chauncy Maples anabadwa pa 17 Febuluwale 1852 ku Bounds Green, kumpoto kwa London. Bambo awo, a Frederick Maples, anali loya. Dzina loti Chauncy linali la kubanja kwa amayi awo. Anaphunzira pasukulu ya Charterhouse, kenaka ku University College ku Oxford, ndipo kumeneko anapalana ubwenzi ndi mnyamata wina dzina lake William Percival Johnson. Dzina limeneli mulisunge, chifukwa anthu awiriwa anadzagwira ntchito limodzi panyanja yathu, ndipo uthenga womaliza wa a Maples unali wopita kwa a Johnson omwewa.

Mishoni imene awiriwa analowa inali ya mpingo wa Angilikani, yodziwika ndi zilembo zoti UMCA. Inayambika chifukwa cha pempho la David Livingstone kwa ophunzira a ku Cambridge m'chaka cha 1857. Gulu lake loyamba linafika ku Magomero mu 1861, koma Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, ndipo nkhondo, njala ndi matenda zinachititsa kuti otsalawo asamukire ku Zanzibar mu 1864. Kotero pamene a Maples ananyamuka kwawo mu 1876, ali ndi zaka 24, mishoniyo inali pachilumba cha Zanzibar koma maso ake anali akadali ku nyanja ya Nyasa. Antchito ake sankakwatira, ndipo sankalandira malipiro enieni, koma chakudya, pogona ndi kandalama kochepa ka zovala. Ena mwa iwo sankatha zaka zisanu ali moyo kuno.

Ku Zanzibar anadzozedwa unsembe ndi Bishopu Edward Steere ndipo anayamba kuphunzitsa ana owomboledwa m'zombo za ogulitsa akapolo. Ana ambiri mwa amenewa anali ochokera kwathu konkuno, Anyanja ndi Ayao ogwidwa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi kuyendetsedwa wapansi mpaka kugombe la Kilwa. M'chaka chomwecho cha 1876 Bishopu Steere anatenga gulu la akapolo omasulidwa kuti awabweze kwawo kunyanja. Atafika pa Masasi, kummwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania, anthuwo anatopa, anaona nthaka yabwino ndi madzi, ndipo anapempha kuti amange pomwepo. Mu 1877 a Maples anatumizidwa kukayang'anira mudzi umenewu.

Apa ndi pamene tikuona khalidwe limene linawatchukitsa. Anayamba kuphunzira zinenero za anthu owazungulira, Amakua ndi Ayao. Mu 1879 anatulutsa kabuku kophunzirira Chimakua, chinenero chimene ndi chachibale ndi Chilomwe cha anzathu ambiri kuno. Mu 1880 kunasindikizidwa Uthenga Wabwino wa Mateyu m'Chiyao, womasuliridwa ndi iwo, ndipo mu 1888 anatulutsa buku la mawu a Chiyao ndi Chingerezi. Amene mumayankhula Chiyao ku Ntaja, ku Liwonde kapena ku Ulongwe taganizani: masiku amenewo panalibe sukulu yoti munthu akaphunzireko chinenerochi, ndipo zolembedwa zinali zochepa kwambiri. Njira inali imodzi yokha, kukhala pansi ndi eni chinenero, kufunsa, kulakwitsa, kusekedwa, kufunsanso. Munthu wodzimva sangathe ntchito yotere. Mu 1881 anayenda wapansi ulendo wa makilomita oposa 1,400 m'dziko la Amakua, kuwoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa m'dera limene lero ndi kumpoto kwa Mozambique. Anapalananso ubwenzi wolimba ndi mfumu yachiyao ya ku Newala, a Matola. Mfumuyi sinafulumire kubatizidwa, inatenga zaka zambirimbiri, koma ubwenziwo sunathe chifukwa cha zimenezo.

Mudzi wa Masasi unali ndi vuto lake. Anthu ake analibe mfumu yawoyawo, choncho wansembe yemweyo ndiye anali mfumu, woweruza milandu ndi wopereka chilango. Mphamvu ziwirizi zikakhala m'manja amodzi sizikhalitsana bwino, chifukwa munthu amene wakulanga Lachisanu n'kovuta kumuuza za mumtima mwako Lamulungu. Tsoka linadza mu Seputembala 1882. Kunamveka kuti gulu lankhondo la Angoni, amene kumeneko ankawatcha Magwangwara, likubwera. A Maples ananyamuka ndi anthu ochepa kukakumana nawo panjira kuti akambirane, koma anaphonyana, ankhondowo atadzera njira ina. Pamene ankabwerera anaona utsi. Mudzi unali utatenthedwa, anthu ena ataphedwa, ena atagwidwa. Ogwidwawo anawomboledwa ndi nsalu ndi waya wamkuwa. Pambuyo pake ambiri mwa anthu a m'mudzimo anabwezedwa ku Zanzibar, ndipo mishoni inasamukira ku Newala, pansi pa ulamuliro wa a Matola. Kuyambira pamenepo maganizo a a Maples anali oti mphunzitsi azikhala mlendo m'mudzi wa eni ake, osati kumanga mudzi wake ndi kudziika mfumu.

Zaka zisanu ndi zinayi pa Likoma

Mu 1886 Bishopu Smythies anawatumiza ku Likoma monga akidikoni. Mishoni inali itangokhazikika pachilumbachi chaka chapitacho. Anasankha chilumba chifukwa midzi ya kugombe lakummawa inkavutitsidwa ndi nkhondo za Angoni, ndiponso pa Likoma panali doko labwino losungirapo sitima yawo yoyamba, Charles Janson. Ntchito anaigawana ndi mnzawo wa ku Oxford uja. A Johnson, amene pa nthawiyi anali atatsala ndi diso limodzi loona pang'ono chifukwa cha nthenda ya maso, ankakhala m'sitima, kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja. A Maples ankakhala pachilumba, kuyang'anira tchalitchi, sukulu za anyamata ndi za atsikana, odwala ndi alendo. Malo amene anapatsidwa ankatchedwa Chipyela, chifukwa ndi pamene ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti.

Pa Likoma panali makina osindikizira mabuku, ogwiritsidwa ntchito ndi anyamata ophunzitsidwa pompo. Mu 1893 a Maples anayambitsa kanyuzipepala kotchedwa Nyasa News, kamodzi mwa zoyambirira kusindikizidwa m'dziko muno. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1892, moto unapsereza nyumba zambiri za pamishoni, kuphatikizapo tchalitchi ndi mabuku, popeza zonse zinali zofolera ndi udzu. Anamanganso. M'zaka zomwezi mishoni inatsegula malo ku Unangu pakati pa Ayao a ku Mozambique mu 1893, ndi ku Nkhotakota mu 1894.

Dera la kunyanja linapatsidwa bishopu wakewake mu 1892, a Wilfrid Hornby, koma thanzi lawo silinalole ndipo anatula pansi udindo mu 1894. Ofuna wolowa m'malo sanayang'ane kutali. Munthu amene anali atapirira zaka 19 m'dziko limene anzake ambiri anaikidwa m'manda, wodziwa zinenero zake, analipo kale. A Maples anadzozedwa ubishopu wa Likoma pa 29 Juni 1895 mu tchalitchi chachikulu cha St Paul's ku London. Sanachedwe kwawo. M'mwezi wa Julayi anali kale pa ulendo wobwerera, pamodzi ndi a Joseph Williams, mtumiki wosadzozedwa amene anali atagwira ntchito m'mishoniyi zaka zambiri.

Njira yodzera kwathu

Masiku amenewo wochokera ku Ulaya ankatsikira pa Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, n'kukwera sitima yaing'ono kulowa mu Shire mpaka kumunsi kwa mathithi. Kuchokera apo kunali kuyenda wapansi kapena pamachira kudzera ku Blantyre, kenaka kutsikiranso m'chigwa cha Shire wakumtunda, kumene madoko ake anali Matope ndi Mpimbi, kudutsa pa Liwonde ndi nyanja ya Malombe mpaka ku Fort Johnston, kufupi ndi kumene lero kuli boma la Mangochi. Ndiye kuti ena mwa malo omaliza amene bishopu watsopanoyu anaona asanafike kunyanja ndi ano a Machinga ndi Balaka. Chaka chimenecho chigwachi sichinali pamtendere. Kumayambiriro kwa 1895 asilikali a boma la atsamunda anali atathira nkhondo mfumu Kawinga kuphiri la Chikala, ndipo chaka chisanathe anathiranso nkhondo a Jalasi ndi a Mponda.

Pa Fort Johnston anapeza boti la mishoni lachitsulo, loyendera matanga, lotchedwa George Sherriff pokumbukira woyendetsa sitima yawo amene anamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Ulendo unali wopita ku Nkhotakota, kenaka kuwoloka kupita ku Likoma. Ananyamuka pa 2 Seputembala.

Usiku wa mwera

Amene munakhalako kunyanja mukuudziwa mwera. Ndi mphepo yochokera kummwera chakummawa, imene imawomba m'miyezi yozizira mpaka cha mu Seputembala. Popeza nyanja yathu ndi yaitali ndipo inagona motsata njira ya mphepoyo, mafunde amakula pamene ukutalikira gombe lakummwera. Pafupi ndi Mangochi madzi akhoza kuoneka ofatsa, koma ukangopitirira mapiri a Cape Maclear n'kulowa poyera, nkhani imasintha. Asodzi amadziwa kuti Monkey Bay ndi pobisalira pomaliza pabwino.

Zimene tikudziwa za usikuwo zinachokera kwa amalinyero achikuda amene anapulumuka. Iwo anafotokoza kuti pamene boti linkafika cha ku Monkey Bay mphepo inali itakula, ndipo woyendetsa boti, a Ibrahim, anafuna kuti akocheze kufikira nyanja itadekha. Bishopu anati apitirire. Anapitiriradi, atachepetsa matanga. Usiku utakula, cha m'ma 11 koloko kupita pakati pa usiku, ali kufupi ndi gombe la ku Salima cha ku Rifu, boti linatembenukira chammbali kwa mafunde, madzi anadzaza, ndipo pokhala lachitsulo silinachedwe kumira. A Williams anali mtulo m'kachisakasa ka udzu kamene kanamangidwa m'botimo, ndipo anapita nalo pansi osatulukanso.

A Maples ankadziwa kusambira, koma anali atavala mkanjo wawo wautali waunsembe. Nsalu yotere ikanyowa imalemera ndi kukulunga miyendo. Amalinyero ena sanawathawe. Anakhala nawo pamadzi mumdimamo, kuwachirikiza ndi kuwakankhira kumtunda, koma gombe linali kutali ndipo mafunde ankawamenya. Bishopu ataona kuti anyamatawo akutha mphamvu anawauza kuti awasiye adzipulumutse okha, kuti asafe chifukwa cha iwo, popeza kulakwa kunali kwawo, ndiponso kuti akauze a Johnson za imfa yawo. Kenaka anamira. Amalinyerowo anasambira mpaka kumtunda. A Maples anali ndi zaka 43, ndipo ubishopu wawo unali wa masiku 65.

Tiime pang'ono apa, abwenzi, chifukwa nkhaniyi imakambidwa mwa njira ziwiri ndipo zonse ziwiri zimasiya kanthu. Ena amaikamba ngati ya munthu woyera amene anapereka moyo wake, osatchula n'komwe za Monkey Bay. Ena amangoti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, n'kuthera pomwepo. Ine ndikuona kuti tiyenera kuzigwira zonse pamodzi. N'zoona kuti munthu uyu anatha zaka 19 akuphunzira kumva anthu a kuno m'zinenero zawo. N'zoonanso kuti usiku umodzi, pa nkhani imene woyendetsa boti ankaidziwa koposa iwo, sanamve. Chofulumirira sichinali choipa: pa Likoma panali ntchito yowadikira ndi anthu amene anawasiya miyezi yambiri. Koma cholinga chabwino sichichepetsa funde. Ndipo taganiziraninso malo a a Ibrahim. Iwo ndiwo anali oyendetsa boti, koma wokwerayo anali mzungu, bwana wa mishoni yonse, wongodzozedwa kumene. M'chaka cha 1895 munthu wakuda wolembedwa ntchito akanakana kangati? Ananena zimene ankadziwa, ndipo atakanidwa anamvera. Mtengo wa chisankhocho sunagwere wosankha yekha. A Williams anafera m'tulo osafunsidwa maganizo awo.

Komabe chimene chinachitika m'madzi muja sichaching'ono. Munthu womira amagwira chilichonse, ndipo opulumutsa ambiri afa chifukwa chokakamiridwa ndi amene ankamupulumutsa. A Maples anamasula anyamatawo, ndipo anawapatsa mawu oti akanene. Kuvomera kulakwa pamaso pa antchito awo kunali ndi phindu lenileni: anthu akuda amene afika kumtunda amoyo azungu awiri atamira akanatha kufunsidwa mafunso ovuta kwambiri. Mungakambirane m'gulu lanu kuti pa zinthu ziwirizi, kusamva kwa madzulo ndi kuvomera kwa pakati pa usiku, n'chiti chimene chimapezeka kawirikawiri pakati pa ife amene timatsogolera anzathu, kaya m'banja, m'komiti ya chitukuko kapena pa bwalo la mfumu.

Nyanja yomweyi inadzaonanso zofanana ndi izi pa mlingo woopsa koposa. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, imene inali yatsopano, inagubuduzika pa mphepo yamkuntho kufupi ndi Chitimba, pamalo amene azungu ankawatcha Florence Bay, ndipo anthu 145 anafa. Maina a ambiri mwa iwo sadziwika ndi anthu lero monga likudziwikira la bishopuyu.

Zotsatira zake

Patapita pafupifupi masabata awiri thupi la a Maples linapezeka pagombe, ndipo linazindikirika ndi mkanjo womwe uja. Analitengera ku Nkhotakota, kumene linaikidwa, ndipo manda awo ali m'tchalitchi cha All Saints. Thupi la a Williams silinapezeke. Miyezi imeneyo inali yowawa kwa mishoni yonse. Chakumapeto kwa Ogasiti wansembe wa pa Likoma, a George Atlay, anali ataphedwa ndi gulu lankhondo la Angoni kutsidya lakummawa. Mu Okutobala wansembe wa pa Nkhotakota, a Arthur Fraser Sim, amene analandira uthenga wa ngoziyi, anamwaliranso ndi malungo. Udindo wa ubishopu unapita kwa a John Hine, dokotala wa ku Unangu, mu 1896. A Johnson, amene uthenga uja unawapeza, anapitiriza kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja zaka zina 33, mpaka anamwalira ku Liuli mu 1928. Mlongo wawo wa a Maples, a Ellen, anasonkhanitsa makalata awo n'kulemba mbiri ya moyo wawo mu 1897. Pa Chipyela paja panadzamangidwa tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene ntchito yake inayamba mu 1903, ndipo chilipo mpaka lero.

Abwenzi awo ku Britain anasonkha ndalama zogulira sitima yaikulu yowakumbukira. Inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan, kenaka inaphwasulidwa m'zidutswa zoposa 3,000 n'kutumizidwa kudzera njira yomwe ija ya Chinde ndi Shire. Zidutswa zambiri zinasenzedwa pamutu kulambalala mathithi. Chimene sichikanatheka kuphwasula chinali boyila, chithanki chowiritsira madzi oyendetsa injini, cholemera matani 11. Chimenechi chinaikidwa pa ngolo ya mateyala achitsulo n'kukokedwa ndi amuna 450 achingoni, kukwera ndi kutsika zitunda mpaka kumtunda kwa mathithi. Katundu yense anadutsa m'chigwa chathu chino kupita kwa Mponda, kumene ankalumikizira. Kumeneko amisiri anapeza kuti mankhwala oteteza dzimbiri amene zitsulozo zinamizidwamo anali atakwirira manambala osonyeza kuti chidutswa ichi chikumana ndi chiti, ndipo ntchito inatenga pafupifupi zaka ziwiri. Sitimayo inalowa m'madzi pa 6 Juni 1901. Kwa zaka makumi asanu inali tchalitchi, sukulu ya aphunzitsi ndi chipatala choyenda panyanja, kupatula nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse pamene boma linaitenga kuti izinyamula asilikali. Mishoni itaigulitsa m'zaka za m'ma 1950 inakhala sitima ya usodzi, ndipo kenaka boma la Malawi linaikonza kuti izinyamula anthu ndi katundu. Makolo ena a kwathu kuno anaikwerapo popita kumpoto, ndipo ngati m'gulu lanu muli wotere, mupatseni mpata afotokoze musanatseke.